Mapiritsi Atatu pa Nsonga ya Chitenje

A Esime ankapeta mpunga pakhonde pamene a Sumani a kabaza anaimitsa njinga yamoto pabwalo, osazimitsa. Anati Hidaya wachira m'mawa womwewo, koma mwana wabwera masiku asanakwane, ndipo ndi wochepa kwambiri. Hidaya anali mwana wachisamba wa a Esime. Anapita kuchipatala dzulo lake thupi likutentha ndi malungo, ataperekezedwa ndi amayi ake aang'ono, chifukwa a Esime mwendo unali wotupa.

Anaika lichero pansi. Nkhuku zinayamba kujompha mpunga, iwo osaziingitsa. Mnansi wawo Nadia anabwera, nanyamula lichero n'kulilowetsa m'nyumba, kenako anawagwira mkono pokwera njinga.

Njira yonse dzanja lawo linali pa mfundo ya kunsonga ya chitenje. M'mfundomo munali mapiritsi atatu oyera.

Mimba ili ndi miyezi inayi, Hidaya anabwera nawo kuchokera kusikelo. Amayenera kumwera pomwepo, koma tsikulo mjigo wa pachipatala unali utafa, choncho namwino, a Celestina, anawauza amayi onse kuti akamwere kunyumba. Hidaya anafotokoza zimene anamva: kuti ofufuza anatsatira amayi oyembekezera zikwizikwi, ena akumwa mankhwala oteteza malungowo, ena ayi, ndipo mwa omwa aja ana obadwa onyentchera anali ochepa. A Esime anamukumbutsa zimene amayi onse a m'mudzimo amadziwa, kuti chowawa chimatulutsa mimba. Iwo eni mimba yoyamba inapita padera patangotha masiku awiri atamwa mankhwala owawa.

Anakambirana masiku awiri, motsitsa mawu, uku akutsuka mbale.

"Amama, inu mukunena za mimba imodzi. Iwo awerenga zikwi."

"Imodziyo inali yanga," anatero a Esime.

Hidaya anangoti amwa akatha kudya, ndipo anaika kapepala ka mapiritsi pazenera. Iye ali kubafa, a Esime anakatenga. Hidaya atakafunafuna, iwo anamuuza kuti mwina mphepo yagwetsa, mbuzi n'kudya. Kutaya sanathe, ndipo sanadziwe chifukwa chake. Kenako mvula inadula msewu wa ku Makanjira miyezi iwiri, ndipo Hidaya atafikanso kusikelo anapeza mankhwala atatha. Pa swala iliyonse a Esime ankapempha Mulungu kuti asunge mimbayo, koma za mfundoyo sankazitchula.

Anamupeza Hidaya atakhala pabedi, mwana atamumangirira pachifuwa mkati mwa bulauzi kuti azimva kutentha. Chinkaoneka ndi kachipewa ka ulusi kokha. Mayi wa bedi loyandikana ndi amene anavula mwana wake n'kupereka, nati wake ndi wonenepa, sazizidwa. Kupuma kwa mwanayo kunkaleka, n'kuyambanso.

Pakhonde la wodi a Esime anawaimitsa a Celestina n'kuwafunsa ngati mapiritsi aja akanaletsa zimenezi. Namwinoyo anali wotopa, koma anaima. Anati sangadziwe. Kafukufuku amanena za anthu ambiri pamodzi, osati za munthu mmodzi. Alipo omwa amene amaberekabe msanga. Za mwanayo anati aone masiku atatu oyamba.

A Esime anaona kuti akhoza kukhala chete mpaka kumanda. Anabwerera m'wodi, nakhala pansi pafupi ndi bedi, nayamba kusenda nthochi imene sanadziwe kuti wabweretsa ndani.

Hidaya anayankhula osawayang'ana. Anati usiku wonse wakhala akuganiza za zenera lija. Akanangomwa pofika, osadikira chakudya. Anati bambo a mwanayo akaimba kuchokera ku Joni awauza yekha kuti ndi kusasamala kwake, kuti anasiyira mbuzi mankhwala a mwana. Misozi inkagwera pa kachipewa, iye n'kumapukuta ndi chala mosamala kuti mwana asanyowe.

A Esime anaika nthochi pambali. Mfundo inali italimba ndi thukuta la miyezi itatu, moti anachita kuimasula ndi mano. Mapiritsi anali atasanduka achikasu, limodzi litafumbutuka. Anawaika pa nsalu ya bedi, pamene Hidaya akanatha kuwaona. Amayi a mabedi ena anasiya kucheza.

"Si mbuzi, mwana wanga. Ndine. Undikhululukire, Hidaya, iwe ndi mwanayu."