Kamwala ka Evance

Matope a namondwe wa Freddy atatsika m'phiri la Soche, Joan sanaupeze mtembo wa mwamuna wake Evance. Anakumba ndi manja pomwe panali nyumba yawo ku Chilobwe, n'kungotolapo kamwala kakuda bii, kotalika ngati chala, kamene Evance anabwera nako kuchokera ku Malosa komwe ankakumba miyala yogulitsa. Anakamanga pamfundo ya chitenje. Popemphera ankakafumbata, osati kukapembedza ayi, koma poti nako kanalidziwa dzanja la mwamuna wake.

Kukampu ya pasukulu, m'kalasi momwe amayi ankagona mothithikana, Ambuye anamukomera mtima: iye ndi khanda lake anapeza pakona posadontha.

Tsiku lina akuchapa matewera, mfundo inamasuka, kamwala kaja n'kugwa. Anakatola a Fletcher, a komiti ya kampu.

"Mayi, n'kachiyani aka?"

"Bambo akunyumba ankati ejirini. Azungu amagula."

A Fletcher anafufuza pafoni, amayi atawazinga. Anamasulira mokweza, akunyadira sukulu yawo, kuti dzinalo linachokera kwa Aegir, mulungu wa nyanja wa anthu akale a kumpoto kwa Ulaya.



"Mulungu wa chiyani?" anafunsa mayi Kondie, amene madzi anawalanda ana awiri.

"Wa nyanja."

"Ndiye kuti nyanjayo inabwera kudzatenga chake! Iwe Joan, unkaweta Napolo m'nyumba, ife tikuimba nawe kwaya?"

"Amayi, ndi dzina chabe. Sindinalitche ndine. Nanenso ndafedwatu."

"Wafedwa kapena wapereka?"

A Fletcher anagamula kuti fanolo aliphwanye mwini wake, apo ayi atuluke nalo m'kampu. Kunja kunkawaza mvula, khanda likutsokomola kumsana. Joan analandira hamala. Anakaika kamwalako pasitepe, n'kutsinzina, n'kumenya. Amayi anayambitsa nyimbo ya chipambano, kuwomba m'manja, ena misozi ili mbwee, pakuti nawonso ankafuna wina woti asenze imfa zawo. Joan anamenyabe mpaka panatsala ufa wonyezimira, umene a Fletcher anaukankhira m'ngalande ndi nsapato.

Atabwerera kukalasi anapeza bulangete lake ndi kabeseni ka mwana zili pakhonde, zikunyowa. Pakona paja mayi Kondie anali atayalapo kale chitenje chawo.

"Mwala wathana nawo," anatero osamuyang'ana. "Nanga manja amene ankausunga?"

Wina anatseka chitseko.