Chipinda Chomvera ndi Mapazi

"Kiyi wa kushedi ali kuti, amayi?" anafunsanso Wachisamba.

Amayi ankapinda malaya a malemu amuna awo, lililonse kulisalaza ndi chikhatho ngati mwini wake alivala mawa. Maliro anali atatha, alendo atabalalika. Pabwalo panangotsala mipando yobwereka imene eni ake anali asanadzatenge.

"Wogulitsa matayala uja akubwera lero kudzaona malo. Akufuna azichita lendi. Chipinda chija chingokhala chotseka mpaka chiswe chimalize? Nanga inu muzidya chiyani?"

Mlongo wake wamng'ono, amene onse ankangomutchula kuti Mzime, anaika pansi mbale imene ankapukuta.

"Achimwene, dothi la pamanda silinaume n'komwe, inu mwayamba kale malonda?"

"Iwe ukabwerera kuntchito kwako, amayi adzawaona ndani? Misozi munthu sakhuta."

Kunena zoona, Wachisamba sanali wouma mtima. Ankangokhulupirira kuti mwamuna weniweni salongolola, amangochita, monga ankachitira bambo ake. Bambowo anali kalipentala, ndipo pakamwa pawo, eee, panali potseka ndi loko! M'mawa, "Mwadzuka?" Madzulo, "Tsekani chitseko." Basi, tsiku latha. Anawo ankanong'onezana kuti bambo mawu amachita kugula. Loweruka lililonse masana kunkabwera anthu osamva kushedi kuseri kwa nyumba, bambo n'kudzitsekera nawo. Mwana sankaloledwa kumeneko, ndipo anawo anakula akuganiza kuti ndi makasitomala ovuta kuwathamangitsa.

Tsikulo linali Loweruka. Mzime atasuzumira pawindo anawaona anthu osamva aja ataima pageti, amuna ndi akazi, atavala bwino. Patsogolo panali mayi wosoka zovala, amene anasiya kumva atakula kale chifukwa cha matenda. Iye kulankhula ankatha, koma mokweza kwambiri poti sankadzimva, ndipo za anthu ankawerenga pamilomo.

"Pepani ndi zovuta," anatero mayiyo atalandiridwa. "Pamaliro tinaima kumbuyo. Tinaona milomo ikuyenda, koma sitinatolepo kanthu. Tabwera kuti mnzathu timulire m'chilankhulo chake."

"Chilankhulo chake chiti?" anafunsa Wachisamba.

Amayi anapisa dzanja m'thumba la diresi n'kutulutsa kiyi uja. Anali naye nthawi yonseyi!

"Mukudziwa kuti agogo anu, amayi awo a bambo anu, anali osamva," anatero. "Chimene simudziwa n'chakuti bambo anu anayamba kulankhula ndi manja asanayambe ndi pakamwa. Kusukulu anzawo ankawaseka, aphunzitsi n'kumawamenya zala ndi rula. Anaphunzira kubisa manja m'matumba. Pakamwa paja, ana anga, panali pobwereka."

"Bwanji sanatiuze?" anafunsa Mzime.

"Ankaopa kuti nanunso angakusekeni. Ndinawauza kuti akulakwitsa. Koma bambo anu mukuwadziwa."

Mumtima Mzime anati ayi, sindikuwadziwa.

Amayi atatsegula shedi, alendowo anayamba kuvula nsapato pakhomo, aliyense kuika zake pambali mosachita kuuzidwa. Mzime anavulanso zake n'kulowa. Anaima kukamwa kuli yasa. Iye ankayembekezera utuchi ndi miyendo ya mipando yothyoka. Zimenezo zinalipo, pakona, pamodzi ndi macheka ndi nyundo. Koma chipinda chonse chinali mbee, kuwala kukutsika kuchokera m'magalasi amene bambo anaika padenga kuti manja azioneka bwino. Mipando inali mozungulira, wina uliwonse kuyang'ana unzake. Pansi panali pa matabwa osalala, okwezeka pang'ono kuchoka padothi.

Wachisamba anazula kiyi paloko n'kutsamira pamphuthu, nsapato zili kuphazi.

"Matabwa onsewa kuwonongera pansi," anang'ung'udza. "Wa matayala adzazula athire simenti."

Mkulu wina wa imvi, wokonza nsapato, anaima pakati. Anapukuta maso, kenako anakweza manja. Mwadzidzidzi mapewa ake anagwa, khosi linatalika, nkhope inasanduka ya galu amene waba nyama ndipo akunamizira kugona, diso limodzi likusuzumira. Chipinda chonse chinaphulika. Kuseka kwa anthu amenewa sikunali kobisa mano. Kunali kochokera m'mimba, kosadziwa manyazi, ena kugwira nthiti, misozi ili chuchuchu.

"Akutsanzira bambo ako!" anafuula mayi wosoka uja, akumugwedeza Mzime paphewa. "Nkhani ya galu wa aneba. Ankatipha nayo! Munthu ameneyu sankatha kukhala chete. Tinkachita kumugwira manja kuti enafe tilankhuleko."

Bambo? Bambo omwe aja a "Tsekani chitseko"? Mzime anamva tsitsi likuima pamutu. Wina ataimirira anasonyeza mmene bambo anakamuyankhulira kuchipatala mwana wake atadwala. Wina anasonyeza mmene anayanjanitsira banja lake. Ndipo aliyense akamawatsanzira, Mzime ankawaona ndithu bambo ake, kapendekedwe ka mutu komwe kaja, nsidze zomwe zija, koma ali amoyo kuposa mmene anawaonerapo ali moyo. Anachita mantha, mantha okoma, onga amene amamugwira munthu akayang'ana nyenyezi nthawi yaitali.

Anatembenukira kwa mayi wosoka, n'kulankhula pang'onopang'ono kuti milomo ioneke.

"Ndiye bambo enieni anali ati? Athu aja, kapena anuwa?"

"Iweyo ukamayankhula ndi abwana ako, umakhala yemwe uja wa kukhitchini kwa amayi ako?" mayiyo anaseka. "Munthu sadziumba yekha, mwanawe. Kunja kuja anamuumba wachete. Muno tinamuumba wolongolola. Akanabadwira kumene aliyense amadziwa manja, bwenzi inu mukudandaula kuti bambo sakupatsani mpata."

"Ine ndinakwatiwa ndi onse awiri," anatero amayi. Anatero ndi pakamwa, kwinaku manja awo akunena zomwezo, mwaluso, osadodoma. Mzime anawayang'ana ngati mlendo.

Kunja kunalira hutala ya galimoto. Wa matayala anali atafika. M'chipindamo anaimva ndi atatu okha. Wachisamba anafumbata kiyi n'kuwongoka kuti azipita.

Nthawi yomweyo mkulu wa imvi uja anamenya pansi ndi chidendene. Di! Mzime anadzidzimuka, chifukwa sanangomva ndi makutu. Kugundako kunalowera kumapazi kwake n'kukwera m'miyendo.

"Pansipa bambo ako anakhoma okha, thabwa ndi thabwa," anatero mayi wosoka. "Kunsiku anasiya mphako dala. Munthu wosamva akakufulatira sungamuitane, ngakhale ukuwe mpaka kusasa mawu. Koma muno ukaponda, aliyense amamva. Ankati, m'nyumba mwanga palibe amene adzaitane osayankhidwa."

Onse anaimirira. Anayamba kuponda pamodzi, pang'onopang'ono, di, di, di, maso ali pampando umene bambo ankakhalapo. Matabwa ananjenjemera. Nyundo pakona zinayamba kulira zokha. Kugundako kunamufika Mzime pachifuwa, ndipo analira kulira kumene kunamukanika pamanda.

"Achimwene," anatero osapukuta nkhope, "vulani nsapato."

Hutala inaliranso, motalika, mosaleza mtima. Wachisamba anayang'ana kugeti, anayang'ana amayi ake. Mapazi a amayi ankangoponda limodzi ndi anzawo. Wachisamba anawerama, anamasula zingwe, n'kuika nsapato zake pafupi ndi za alendo. Atangoponda pathabwa loyamba anaima nji, ngati wagwira waya wa magetsi.

Kupondako kutatha, anthuwo anatembenukira kwa amayi kuti awapepese mmodzimmodzi, onse atafulatira khomo. Wachisamba anatambasula dzanja lomwe munali kiyi.

"Bambo," anatero Wachisamba, kuitana mkulu wa imvi uja. "Bambo, tengani."

Palibe anacheuka. Anaima choncho, dzanja lili m'malere, manyazi atamugwira. Kenako ananyamula phazi, mosazolowera, n'kumenya pansi ndi chidendene kamodzi.

Mitu yonse inatembenuka.