Seva ya ku Likhubula

Kampani ya tiyi imene Phillip ankagwirako ntchito inali ndi maseva atatu, makina akuluakulu a kompyuta: ku Boma, ku Chinakanaka ndi ku Likhubula. Seva iliyonse inkanyamula m'mimba mwake makompyuta angapo osagwirika ndi manja, ina ya masikelo a tiyi, ina ya kusitolo, ina ya malipiro. Iliyonsenso inali ndi woiyang'anira. Wa ku Likhubula anali Edna, mkazi wa malemu mkulu wake wa Phillip. Nyumba imene ankalereramo ana amasiyewo inali ya kampani, ndipo nyumba zotere zimapita ndi ntchito.

Phillip ndiye anaumirira kuti kampani igule pulogalamu yoyendetsera maseva onse pa sikirini imodzi. Anali atatopa ndi kuyendera masevawo pa njinga yamoto m'matope. Za mlamu wake sanaziganize n'komwe, mtima unali pa kutamidwa basi.

Edna anali ndi chizolowezi chake. Mphenzi inaotchapo seva kumeneko, choncho mitambo ikangoda paphiri ankazimitsa makina n'kuzula mawaya. Masikelo ankaima, othyola tiyi n'kumadikira ndi madengu pamvula, koma palibe ankamudzudzula.

Tsiku limene Phillip ankaonetsa pulogalamuyo kwa a McDonald, manijala wamkulu, kuphiri kunayamba kugunda. Pa sikirini kabokosi ka Likhubula kanasanduka kofiira. Phillip anapinda manja dala. Posakhalitsa makompyuta onse a ku Likhubula anadzuka okha mu seva ya ku Chinakanaka, masikelo n'kupitiriza kulemba.

“Akuchita zimenezi ndani?” anafunsa a McDonald.

“Palibe, bwana. Imachita yokha,” anatero Phillip, mano onse pamtunda. Munthu wophunzira akapusa amapusa zenizeni.

Foni yake inalira. Anali Edna. Pofuna kuti bwana amve bwino kupambana kwake, anaiika pokweza mawu.

“Alamu, kuno mphenzi zavuta, ndazimitsa,” anatero Edna. “Mupepese kwa abwana. Mvula ikangokata ndiyatsa.”

“Masikelo aima, mayi?” anafunsa a McDonald.

Edna anapita kukasuzumira pawindo, nsapato zake zikumveka pa simenti. Atabwerera mawu ake anali otsika.

“Ayi bwana. Akuyeza.”

Apo m'pamene Phillip anazindikira chimene anachita. Pofuna kupulumutsa ntchito ya mlamu wake, anayamba kubwebweta zoti fumbi limafuna wopukuta, zoti mawaya amadyedwa ndi makoswe. A McDonald sanamuyang'ane n'komwe, maso anali pa sikirini.

“Seva imeneyo ibwere kuno ku Boma,” anatero. “Muwauze mayiwo asavutike n'kuyatsa. Makiyi a nyumba akasiye ku ofesi mwezi ukatha.”

Anatuluka. Foni inali isanadulidwe, mvula ikusokosera pa malata a ku Likhubula.

“Alamu,” anayamba Phillip.

“Ndamva,” anatero Edna. “Ana a mkulu wanuwa mudzawauze nokha.”