A Belu Agwiranso Maikolofoni

A Belu anali achibwibwi chibadwire. Akayamba kunena "zikomo", munthu unkatha kukamwa madzi n'kubwerako asanamalize. Koma zaka zonse zimene anagwira ntchito m'sitolo yotchipa ija, akangoliza belu n'kugwira maikolofoni, lilime linkamasuka lokha: "Makasitomala athu okondedwa, thamangirani ku nsapato, tatsitsa mtengo!" Dzina lawolo linachokera pamenepo.

Sitoloyo inali ndi nthambi m'tauni iliyonse, ikugulitsa chilichonse kuyambira singano mpaka matiresi. Kenako kunabwera masitolo amakono a zipupa za magalasi okhaokha, nthambi zija n'kuyamba kutha imodziimodzi ngati mano a nkhalamba. Yawo itatsekedwa, a Belu anakhala telala, ndipo sanadandaule. Makina osokera safuna kuyankhidwa.

Nyumba ya sitolo ija inasanduka holo ya maukwati, ndiye mwana wawo wamkazi, mmodzi yekhayo, anasankha yomweyo pa ukwati wake. "Bambo, mudzalankhule inuyo. Osatuma munthu," anatero. A Belu anavomera, koma mantha anawadya sabata yonse.

Tsikulo matailosi anali omwe aja, zipsera za mashelefu zikuonekabe. Akwati anawakhazika pomwe kale pankakhala mapoto. A Belu anaimirira, nagwira maikolofoni.

"Ndi-ndi-ndi…"

Basi, anakakamira pomwepo. Achibale a mkamwini anayamba kuyang'ana pansi. A Belu thukuta linali kamukamu, akumva chisoni kuti akumuchititsa manyazi mwana pa tsiku lake.

Akazi awo, amene kale ankakhala pa kauntala m'nyumba yomweyo, anatola supuni n'kumenya tambula ngati belu lija: ngwee! ngwee!

"Makasitomala athu okondedwa!"

A Belu mawu anatuluka osalala ngati kale. Achikulire m'holomo anafa nazo kuseka, mayi wina n'kufuula, "Mwatsitsa chiyani lero, a Belu?"

"Lero ayi, mayi. M'nyumba muno ndinatsitsa nsapato, ndinatsitsa mabulangete, ngakhale maambulera m'chilimwe." Anacheukira mkamwini uja, naloza mwana wawo. "Koma uyu sanatsikepo mtengo. Mumusamale, bambo, kumbuyo kulibe wina."

Holo yonse inawomba m'manja. Mwanayo ankaseka uku misozi ili chuchuchu. A Belu anakhala pansi mtima uli m'malo, akazi awo n'kuwanong'oneza kuti aiwala kuthokoza anthu.

"Zi-zi-zi…"

"Basi, idyani," anatero akazi awowo. "Amva kale."