Mboni ya pa Siteshoni Yakale

A Mbendera anakhala pa benchi ya siteshoni yakale, diso lili pa kamakina kojambula mawu kamene mayi wa ku ofesi yosunga mbiri anawaikira pafupi ndi pakamwa. Sanakakhulupirire. Anthu a m'maofesi amabwera akusekerera, n'kunyamula zako, iwe n'kutsala ukupukuta fumbi la galimoto. Koma mayiyo anali atanena mosabisa: nkhani za pamalopa zikapanda kusungidwa, siteshoniyi siitetezedwa, aigumula.

"Yambani, agogo."

Anayamba ndi chaka chimene madzi anakokolola mlatho, iwo n'kuimitsa sitima ndi mbendera yofiira. Atafika pakati, mawu anauma. Panalibe wowadula pakamwa. Zaka zonsezi nkhaniyi ankaikamba pali a Malasha, amene ankasonkhezera moto m'sitimamo, munthu wotsutsa ngakhale utamuuza kuti kwacha. Tsopano a Malasha anali gone kunyumba, atafa ziwalo mbali imodzi.

"Zimitsani kanthu kanuko. Mutu umodzi susenza denga."

Anakabwereka wilibala kwa wowotcherera zitsulo, nakagogoda kwa mnzawoyo.

"Alamu, tandibwerekeni nkhalamba yanuyi."

"Mukandibwezere yamoyo," anatero akazi a a Malasha, akuyala bulangete m'wilibalamo. "Ina sindingaipezenso, zinatha pamsika."

A Mbendera anakankha mnzawoyo mpaka pasiteshoni, thukuta lili kamukamu, namukhazika moyang'ana njanji zadzimbiri. Kamakina kanayatsidwanso.

"Sitima inkabwera ngati mphepo," anayamba a Mbendera. "Ine ndekha, mvula ili pamsana, ndinaima nji pakati pa njanji."

Ndodo ya a Malasha inagogoda pansi. Mlomo wopotoka unanjenjemera nthawi yaitali. Mayi uja anati awathandize, koma a Mbendera anamuletsa ndi dzanja. Anadikira.

"U... unathawa," anatero a Malasha. "Mbendera... m'matope."

"Ndinaterereka, mfiti iwe! Nanga sitimayo anaimitsa ndani?"

"Ma... mabuleki."

Mayiyo anaseka mpaka kugwira nthiti. Atapuma anafunsa, "Ndiye tisunge iti, agogo?"

"Zonse ziwiri. Mukachotsa ya chitsiruchi, yanganso mufufute."

Kenaka anawerama, napukuta dovu pachibwano cha mnzawo ndi mkono wa jekete, akung'ung'udza, pang'onopang'ono ngati akupukuta galasi la nyali ya sitima.