Zitsa za Khofi ku Mughese

Bambo ake atamwalira, Trust anatsala ndi munda wa khofi kumunsi kwa nkhalango ya Mughese. Mitengo inali yokalamba, ndipo chaka chimenecho zipatso sizinadzaze ndowa ziwiri. Bambo ake aang'ono, a Martin, ananeneratu kuti mvula ikayamba azula zonse adzale nyemba.

Trust anapita kwa Mayi Nalungwe, mlimi wakale wa khofi amene sankadziwa kunyengerera munthu. Mayiwo anafika m'mawa atanyamula sowo. Anazungulira munda wonse akukanda makungwa ndi chikhadabo.

"Mizu ili moyo," anatero. "Dula yonse, msinkhu wa bondo. Iphukiranso."

"Mama, ine ndimati mundithandize kuipulumutsa."

"Nanga pano ndikuvina? Gwira sowo."

Pamtengo woyamba panali kansalu kamene bambo ake anamanga posonyeza kuti ndi wobereka kwambiri. Trust anaika sowo pathunthu, n'kubweza dzanja.

"Dulani ndinu, mama. Ine ndiziona."

"Yanga ndinadula kale. Amuna anga atamwalira ndinalira mwezi, kenako ndinadula. Ndikakudulira lero, ikadzakalambanso udzaitana ndani? Mawondo angawa sadzakweranso phiri lino."

Anamugwira dzanja n'kulipendeketsa pang'ono. "Chonchi, kuti madzi a mvula asakhale pachitsa. Nthambi yam'munsiyo isiye, mtengo uzipumira."

Mtengo unagwa. Trust analira ali chigwadire. Mayi Nalungwe sanamutonthoze. Anamasula kansalu kaja, kukapinda, n'kumuikira m'thumba la malaya, kenako anayamba kukoka nthambi. Wachiwiri Trust anadula osauzidwa.

Masana a Martin anatulukira, naseka.

"Yewo, zikomo, mwanditsitsira ntchito! Kwatsala kuzula zitsa basi."

Trust anayang'ana Mayi Nalungwe. Iwo anali kutafuna nthochi, maso ali kuphiri.

"Bambo," anatero Trust, "zitsazi musazikhudze. Nyemba dzalani pakati pa mizere, chaka chino ndi chamawa. Chachitatu ndithyola khofi."

"Nzeru zimenezi ndi zanu, a Nalungwe?"

"Mukufunsa ine? Mwini munda ndi uyo, onani matuza m'manjamo."

A Martin analowa pakati pa mizere iwiri, n'kuyesa mpata wake ndi mapazi.

"Apa pangalowe mizere iwiri ya nyemba," anatero. "Koma khasu likakhudza muzu, usadzandizenge mlandu, mwana iwe."

"Ndidzalima ndekha pafupi ndi zitsa," anayankha Trust, akupita pamtengo wotsatira.