Wa Dzina la Amayi

Tikiti inagwa pamene Nurzada ankawerama kuti athire tiyi. Inapulumuka m'thumba la epuloni, n'kuuluka pang'ono ngati tsamba, n'kukatera pafupi ndi mbale ya jamu, pamaso penipeni pa apongozi ake. Ikanagwa chafufumimba bwenzi zili bwinoko, koma ayi, inagwa chagada, zilembo zonse poyera.

"Kelin, n'chiyani chimenechi?" anafunsa apongoziwo, mayi Sabira, akuyitola ndi zala ziwiri ngati atola mphemvu. Sankamutchula dzina ayi. Kwa iwo anali kelin basi, mtengwa wa pakhomo, wothira tiyi.

Nurzada anangoima, ketulo ili m'manja. Ndipo tsoka silibwera lokha, anthu inu. Tsiku limenelo kunabwera mayi Kenjegul a nyumba yoyandikana, aja oti ukawauza kanthu m'mawa, pofika masana ngakhale ogulitsa anyezi kumsika akukadziwa. Anatulutsa magalasi awo msangamsanga n'kuyilanda tikitiyo.

"Lamlungu, fili koloko masana," anawerenga mokweza. "Gule wa baleti. Nkhani ya achifwamba a panyanja. Ii, taonani!"

"Achifwamba a panyanja? Mu Bishkek muno?" anatero mayi Sabira. "Nyanja yake iti? Kapena abwera pa abulu kudutsa m'mapirimu?"

Mayi Kenjegul anaseka mpaka anatsamwa ndi tiyi.

"Ukufuna kukaona ndani kumeneko, kelin? Yankha, pakamwa uli napo."

Tsono apa m'pamene panali vuto, mvetsani bwino. M'banja la mayi Sabira mwambo wakale uja ankausunga ngati dzira: mtengwa satchula dzina la wachibale aliyense wa mwamuna wake. Malume wa mwamuna wake, Nurzada ankawatchula kuti Agalimoto Yoyera. Mlamu wake wamkazi ankamuti Wamaso Akuda. Dzina la apongozi ndiye musanene, silinkayenera kudutsa n'komwe pa lilime lake, kaya ali yekha kukhitchini. Ndiye tangoganizani, wovina amene Nurzada ankamukonda kuposa onse pa dziko lapansi, amene chithunzi chake anachibisa pansi pa nsalu za m'bokosi, dzina lake analinso Sabira.

"Ndi wovina wina, amayi," anatero Nurzada, maso ali pansi. "Lamlungu ndi tsiku lake lomaliza. Akupuma, sadzavinanso."

"Alibe dzina?"

"Ali nalo. Ndi... ndi wa dzina lanu, amayi."

Kenaka mayi Kenjegul anawomba m'manja.

"Ndamudziwa! Uja amaoneka pa wailesi yakanema, kasiketi kolekeza apa, mwendo umodzi kuloza kudenga. Eee, anzanga, dzina lanu likuyenda mtauni muno lopanda chovala!"

Nkhope ya mayi Sabira inauma. Anapinda tikiti ija n'kuyiika m'thumba la jekete lawo lopanda manja, n'kukankhira kambale kawo kutsogolo.

"Tiyi wazizira," anatero.

Nurzada anathira wina. Sanataye ngakhale dontho.

Anthu ena amaganiza kuti zinthu zimenezi Nurzada anazionera pa foni. Bodza. Malemu mayi ake ankagwira ntchito yolandira makhoti, majekete aakulu aja, a anthu obwera ku nyumba ya zisudzo, ndipo iye anakulira pansi pa makhoti amenewo, akununkhiza chipale chofewa chosungunuka ndi mafuta onunkhira a azimayi olemera. Magetsi akangozima, ankakwera masitepe mozemba mpaka kumipando ya kumwamba kwenikweni. Gule wa achifwambayu anamuonera kakhumi n'kamodzi. Ankadziwa pamene chombo chimatulukira, pamene mtsikana amagulitsidwa pamsika, pamene mkulu wa achifwamba amamuba. Ankadziwa kuti Sabira akamayamba kuzungulira pa nsonga ya phazi limodzi, amayamba waluma mlomo wam'munsi. Tsiku lina, ali ndi zaka zisanu ndi zinayi, anakumana naye m'kanjira ka kuseri akuyenda motsimphina, nsapato zili m'manja, zala zomangamanga ndi mabandeji amagazi. Sabira anamugwira tsaya n'kunena kuti, "Usauze munthu, wamva? Mbalame sikhala ndi matuza." Nurzada sanauzedi munthu.

Koma chikwatiwire, zaka ziwiri zathunthu, anali asanapondekonso. Ulendo wake unali wa kumsika, kuchipatala, basi. Mwamuna wake Emilbek ankayendetsa lole ya ku Kazakhstan, ndipo pakhomo ankangooneka ngati mwezi. Tikitiyo inachokera kwa mayi wina amene ankagwira ntchito ndi malemu mayi ake, ndipo Nurzada anayenda nayo m'epuloni masiku asanu ndi limodzi, akusowa poyambira kupempha.

Madzulo ake anamuimbira Emilbek ali m'khola la nkhuku kuti asamveke.

"Amayi anena kuti chiyani?" anafunsa Emilbek. Kumbuyo kwake kunkamveka injini.

"Sananene kanthu. Angoyisunga."

"Ndiye anena kale pamenepo. Nurzada, usandiike pakati, chonde. Wakwatiwa kwa mphezi saopa kung'anima. Ndikubweretsera maswiti aja umakonda."

Maswiti! Nurzada anayang'ana nkhuku, nkhuku zinamuyang'ana. Onse anali mu waya umodzimodzi.

Lachisanu linadutsa, tikiti ili m'jekete. Loweruka Nurzada anakazinga boorsok, timandasi tija, beseni lonse, anachapa makatani osada n'komwe, anapukuta mawindo kawiri. Apongozi ankangomuyang'ana. Amene anagwedeza zinthu, osadziwa kuti akuthandiza, ndi mayi Kenjegul omwe aja. Anasuzumira pampanda n'kunena kuti, "Ine ndikanakhala inu sindikanagona tulo. Munthu akugwiritsa ntchito dzina lako, iwe osamuona n'komwe nkhope? Kaya, mwina ena ndi opirira."

Lamlungu masana mayi Sabira anatuluka m'chipinda atavala diresi la veleveti lobiriwira, la kumaukwati lija, ndi ndolo zasiliva.

"Vala mpango wabwino," anatero. "Kelin sayenda yekha ngati mbuzi yosokera. Ndikaone ndekha zimene akuchita ndi dzina langa."

Nurzada sanadziwe kuti aseke kapena alire. Anathamangira kuseri n'kuthyola maluwa. Pageti apongozi anamuimitsa n'kuwerenga.

"Anayi? Ukupita kumanda? Mayi ako sanakuphunzitse kuti amoyo sapatsidwa maluwa okwana awiriawiri?" Anathyola okha duwa lachisanu n'kumuponyera. "Usatichititse manyazi."

Mnzawo wa malemu mayi ake uja anawapezera mipando iwiri yoyandikana, kumwamba komwe kuja. Nurzada anakhala pakati pa khoma ndi apongozi, chikwama chawo chachikulu chili pamiyendo pake, maluwa pamwamba pa chikwama. Magetsi anazima. Nyimbo inayamba, chinsalu chinatseguka, ndipo chombo chija chinatulukira pa mafunde a nsalu za buluu. Mtima wake unagunda ngati wa mwana uja wa pansi pa makhoti.

"Nsalu yonseyo kungoiwononga," ananong'ona apongozi, kunong'ona komveka mizere itatu. "Matilesi angati akanatuluka pamenepo?"

"Amayi, pang'onopang'ono."

"Nanga anyamatawa malaya anawasiya kuti? Uyo wa thalauza la buluu, ali ndi nthenga pamutu, mayi ake alipo?"

Bambo wina wa kutsogolo anacheuka n'kuti, "Shii!" Mayi Sabira anamuyang'ana mpaka bamboyo anabweza khosi lake yekha.

Kenaka Sabira anatulukira.

Aaa, anthu inu. Zaka zinali zitapita ndithu, khosi linali litaonda, koma atangoima pa nsonga za zala n'kutambasula manja, holo yonse inasiya kupuma. Ankayenda ngati pansi pakumupempha kuti apondepo. Nurzada anaiwala chikwama, anaiwala khoma. Milomo yake inkayenda yokha kuwerenga masitepe a gule amene ankawadziwa pamtima.

"Ndi ameneyo?" anafunsa apongozi.

"Ndi yemweyo, amayi."

"Hmm. Sadya."

Gule atafika pamsika paja, pamene wamalonda anavundukula nsalu kumaso kwa mtsikana kuti nkhalamba yolemera imuone bwino, n'kumuzunguza uku ndi uku ngati nkhosa, mayi Sabira anasiya kuyankhula. Anaweramira kutsogolo. Patapita nthawi anafunsa, tsopano motsitsadi mawu, "Iyeyo anamufunsa?"

"Ayi, amayi."

"Hmm," anatero, osaonjezera.

Chakumapeto inafika nthawi ija. Sabira anaima pakati, analuma mlomo wam'munsi, n'kuyamba kuzungulira pa phazi limodzi, mwendo winawo ukukwapula mphepo. Nurzada ankawerenga chamumtima. Khumi. Makumi awiri. Pa makumi awiri ndi zisanu ndi chimodzi phazi linatsetsereka pang'ono, anthu anati "Ah!", Nurzada anafinya maluwa mpaka minga inamulowa. Koma Sabira anadziwongola, n'kupitiriza, makumi atatu, makumi atatu ndi ziwiri, n'kuima nji, akumwetulira ngati palibe chachitika. Mbalame sikhala ndi matuza.

Chinsalu chitatsekeka n'kutsegukanso, anthu onse anaimirira. Maluwa ankauluka kuchokera mbali zonse. Wina kumunsi anayambitsa, ena n'kulandira, mpaka holo yonse inkagunda mapazi ndi kufuula pamodzi: "Sa-bi-ra! Sa-bi-ra!" Ana asukulu, agogo a mendulo pachifuwa, ngakhale bambo wa "shii" uja, onse.

Nurzada yekha ndiye anali duu. Dzinalo linafika pakhosi n'kuima ngati fupa. Ankawomba m'manja mpaka kuwawa, koma manja si pakamwa. Kumanzere khoma, kumanja apongozi. Pansi apo Sabira anagwada, anagwira thabwa la pansanja ndi dzanja n'kulipsompsona, misozi ikuchotsa utoto kumaso. Chinsalu chinayamba kuyenda, mbali iyi ndi mbali iyo, pang'onopang'ono. Chikakumana pakati, basi, kwatha mpaka kalekale.

Mpata utatsala ngati chitseko, zinangochitika.

"Sabiraaa!"

Mawu ake anali akuthwa, a munthu amene wakhala zaka ziwiri akuyankhula chonong'ona. Anaboola phokoso lonselo. Ndipo pambali pake, asanaganize n'komwe, mayi Sabira anatembenuka msanga ngati kamtsikana koitanidwa pachitsime.

"Ee?" anavomera.

Anayang'anana. Nurzada anagwira pakamwa. Nkhope ya apongozi inafiira kuyambira m'khosi mpaka m'makutu. Chinsalu chinatsekeka. Maluwa asanu aja anali adakali m'manja, osaponyedwa.

Anabwerera kunyumba pa minibasi. Dzuwa linali lisanalowe pamene ankafika pageti, ndipo mayi Kenjegul anali kale pampanda, khosi lili tololo.

"Nanga mwamuona mnzanu wa dzina? Miyendo yake bwanji?"

"Ali nayo iwiri ngati yanu," anatero mayi Sabira. "Kusiyana kwake, yake imagwira ntchito." Analowa n'kutseka geti.

M'nyumba anavula ndolo pang'onopang'ono, atafulatira.

"Ndamva, kelin. Usaganize kuti ndine gonthi."

"Pepani, amayi. Linangotuluka."

"Emilbek sindimuuza. Kenjegul akadziwa, ndidziwa kuti wanena ndiwe. Koma kumene kuja wapitako komaliza, ndipo m'nyumba muno sindikufuna kudzalimvanso. Tamvana?"

"Tamvana, amayi."

"Maluwawo uwaike m'madzi, asafe chabe. Ndipo tereka tiyi."

Nurzada anavala epuloni yake. M'thumba munalibenso kanthu. Anaika maluwa m'botolo la jamu, anatereka ketulo, n'kuima pawindo la kukhitchini kuyang'ana waya wa khola la nkhuku. Sanalire ayi. Pakhosi pankawawa ndi kufuula kuja, ndipo ankameza malovu pafupipafupi kuti amve kuwawako, poti n'kokhako kamene anabwera nako.

Madzi atawira ananyamula thireyi. Chitseko cha apongozi chinali chotseguka pang'ono, ndipo anaima asanagogode. Mayiwo anali atakhala pabedi, diresi la veleveti likadali m'thupi, akuyang'ana pagalasi la kabati. Amuna awo anamwalira kalekale. Ana ankawati amayi, adzukulu ankawati agogo, oyandikana nawo ankawati amake Emilbek. Anakweza chibwano pang'ono, n'kunena motsitsa, ngati munthu wolawa chakudya chimene anachiiwala kukoma kwake:

"Sabira."

Nurzada anabwerera chafutambuyo mpaka kukhitchini. Anadikira kaye, kenaka anabweranso akuponda mwamphamvu kuti timbale tilire pa thireyi.

"Amayi, tiyi," anatero.

"Lowa, kelin."